Mlandu wa mwana usathere pa msonkhano wa banja

Mu 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina Children's Code Act, lamulo loteteza ana. Komanso munthu wogona ndi mwana wosakwana zaka 16 akapezeka wolakwa, amapita kundende zaka zosacepera 15. Nanga n'cifukwa ciani milandu ina m'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi George sifika n'komwe ku polisi?

Tonse tidziwa mmene zimayendera. Mwana akaulula kuti amalume kapena mwana wa alandilodi anamugwirira, akulu aitana msonkhano. Wina akuti tisacititse banja manyazi, wina aopa kuthamangitsidwa pa nyumba ya lendi. Kwabwera ndalama pang'ono ndi thumba la unga, basi nkhani yatha. Mwana uja apitiriza kutunga madzi pa pompi imodzi ndi munthu amene anamuwononga.

Amene amaitanidwa kukaweruza pa misonkhano imeneyi ndinu, abusa, akhansala ndi amaceyamani a m'misika. Anthu amamvera mawu anu, ndiye musakhale pansi kukambirana mtengo. Nyamukani naye mwanayo kupita kucipatala pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV, kenako ku Victim Support Unit ya apolisi. Ku UTH kuli malo amene mwana amaonana ndi dokotala, aphungu ndi apolisi pamodzi.

Ngati muopa maso a maneba, tumani foni pa 116. Ni yaulele, ngakhale mulibe tokotaimu.