Mawu a Mkonzi: Utsi wa m'nyumba ukutha anthu

Juni wafika ndi chisanu chake. Ku Chipata, Katete, Petauke mpaka ku Lundazi, dzuwa likangolowa mbaula ikulowetsedwa m'nyumba, chitseko n'kutseka. Makala akamayaka m'chipinda chotseka chonchi amatulutsa carbon monoxide, mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, akagona osadzukanso.

Komabe imfa zadzidzidzi zoterezi n'zochepa poyerekeza ndi zimene utsi ukuchita pang'onopang'ono. Lowani m'khitchini ya kumudzi muyang'ane kudenga: udzu ndi phaso zonse zada bii ndi mwaye. Mayi amene akuuzira moto pamafuwa, mwana ali kumbuyo, akupuma zomwezo m'mawa, masana ndi madzulo. Mu utsimo muli tinthu timene akatswiri amatitcha PM2.5, tating'ono kwambiri moti mphuno siitha kutisefa. Timakafika mkatikati mwa mapapo, tina n'kulowa m'magazi. Zotsatira zake ndi chibayo mwa ana, chifuwa chosatha, matenda a mtima ndi sitiroko. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni padziko lonse, ndipo oposa 237,000 anali ana osakwana zaka 5.

Sitikunena kuti anthu asiye makala mawa. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambirimbiri, ngakhale eni zitofu zamagetsi anabwerera ku mbaula. Gasi naye si wa aliyense. Koma kuphikira panja, kusonkhezera nkhuni zouma, kuboola zenera kukhitchini ndi kuleka kukolezera mbaula mapulasitiki sikufuna ngwee.

Chotiwawa kwambiri ndi kuchipatala. M'makiliniki ena dzenje lotenthera zinyalala lili pafupi ndi wodi, jenereta ikufuka kuseri kwa zenera, osamalira odwala akuphika pakhonde. Utsi wonsewo ukulowa kwa mwana amene wabwera kale akubanika. Kumalo odikirira anthu apanikizana, mawindo ali chitsekere chifukwa cha kuzizira, chonsecho TB imafala ndi mpweya womwewo.

Tikupempha akuluakulu a zaumoyo m'maboma onse a chigawo chino kuti ayendere makiliniki awo, asunthe maenjewo ndi majenereta, mawindo atsekulidwe. Mafumu athu, nkhaniyi ikambidwe pabwalo chisanu chisanafike pachimake. Inu owerenga, usiku uno mbaula igone panja.