PAKHONDE PATHU: Mtima wa Woyenda Yekha



Mwana akati anyamuke ulendo wa ku Joni, pakhomo pamakhala piringupiringu. Bambo amathamangira za pasipoti ndi ndalama ya basi, mwina mpaka kugulitsa mbuzi kapena ukonde. Mayi amawamba nsomba ndi kukazinga mtedza kuti ukhale kamba wa panjira. Zonsezi n'zabwino. Koma pali chinthu chimodzi chimene sitichikonzekera, ndicho mtima wa mwanayo pamene adzakhala yekha pakati pa anthu osamudziwa. Lero pakhonde pano tikambirane zimenezo.

Dera la Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre laona misozi ya apaulendo ambiri. Pa Chileka pali bwalo la ndege, ndipo pa Lirangwe pamadutsa msewu wochokera mu mzinda wa Blantyre kupita ku Zalewa ndi ku chipata cha Mwanza. Agogo athu a nthawi ya Wenela amakumbukira ndege zimene zinkawanyamula kupita ku migodi ya ku South Africa. Chaka cha 1973, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi imeneyo. Pa 4 April 1974, ndege ya Wenela imene idanyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana kubwera ku Chileka idagwa, ndipo anthu oposa 70 adafa, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo. Boma la Dr Banda lidaletsa Wenela kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, kenaka idatheratu mu 1988.

Amuna a Wenela ankavutika, koma ankayenda gulu, ndipo uko ankapitako kunali malo ogona owadikira. Mnyamata wa masiku ano amakwera basi pa depoti ya Wenela ku Blantyre ali yekha, m'thumba muli kapepala ka nambala ya foni ya msuweni wake basi. Wina amakwera ndege pa Chileka kupita ku maphunziro a Dini kunja, asadaiponde ndege chibadwire.

Mtima wa munthu wotere umasinthasintha, ndipo amene adayendapo amadziwa malo amene umasinthira. Ponyamuka pamakhala chisangalalo. Mwana amadziona kale atamanga nyumba ya malata ndi kugula injini ya boti. Basi ikadutsa Lunzu n'kufika pa Lirangwe, nyumba za m'tauni zitatha, phokoso la m'basi limazilala, ndipo pamenepo m'pamene amazindikira kuti wachokadi. Amayang'ana amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu n'kukumbukira mayi ake. Wa pandege naye, amene adamuperekeza akangotsala kunja kwa chitseko, amapeza kuti alibe womufunsa ngakhale kanthu kakang'ono.

Pa chipata cha Mwanza pamabwera mantha. Kodi mapepala ali bwino? Kodi ndalama ikwana? Akadinditsa pasipoti mtima umakhala m'malo, koma kutsogolo kuli Zóbuè kumene akulankhula Chipwitikizi, kuli kutentha kwa ku Tete ndi mlatho wa pa Zambezi, kuli chipata cha Nyamapanda cholowera m'Zimbabwe, kenaka mizere italiitali ya pa Beitbridge. Pa chipata chilichonse mtima umagunda mwatsopano. Usiku anzake a m'basi akagona, iye maso ali gwa, kudzifunsa ngati sadalakwitse kuchoka kwawo. Kukacha, akaona misewu ikuluikulu ndi nyumba zosanja za Johannesburg, chisangalalo chimabweranso.

Koma nthawi yowawa kwenikweni imadza pambuyo, zachilendo zikatha kukoma. Ntchito siyikupezeka, msuweni amachoka m'mamawa n'kubwera usiku, kuzizira kwa June kwalowa m'mafupa, ndipo adhana ya mzikiti wa kumudzi siyikumvekanso. Apa m'pamene kupukwa kumagwira munthu. Ena amasiya kudya, ena amasiya Swala, ena amapeza anzawo a mowa ndi chamba chifukwa ndi okhawo amene adawalankhula. Matchona ambiri amene timawadandaula adayamba kutayika pa nthawi imeneyi.

Tsono abale anga, kupukwa si kuchepa kwa Imani, ndipo si uchitsiru. Ibn Battuta, mlendo wotchuka wa Chisilamu amene adafika mpaka ku Kilwa kumene makolo athu Achiyao ankachita malonda, adanyamuka kwawo ku Tangier m'dziko la Morocco chaka cha 1325 ali ndi zaka 21, kupita ku Hajj. Adachoka yekha, kusiya bambo ndi mayi ake ali moyo. Panjira adadwala malungo mpaka adadzimangirira pa chishalo ndi nsalu ya kumutu kuopa kugwa. Atafika ku Tunis, anthu adatuluka kudzalonjera anzake a paulendo, koma iye palibe adamupatsa Salaam chifukwa panalibe womudziwa. Iye mwini adafotokoza kuti adalira kwambiri, mpaka munthu wina wa ku Hajj adamuona, nadzamulonjera ndi kucheza naye kufikira adalowa mu mzinda. Munthu amene adayenda zaka pafupifupi 30 adatsala pang'ono kugonja chifukwa chosowa moni.

Ngakhale Maswahaba adapukwa. Bilal (RA) atasamukira ku Madina adadwala, ndipo ankatchula zigwa ndi mapiri a ku Makka mowalakalaka. Mtumiki Muhammad (SAW) mwini wake, pa Hijra ya chaka cha 622, sadayende yekha koma adatenga Abu Bakr (RA), ndipo m'phanga la Thaur adamulimbitsa mtima mnzakeyo, monga timawerengera mu Surah Tauba ndime 40. Mtumiki adatilangizanso kuti kuyenda wekha, makamaka usiku, si kwabwino, ndipo anthu atatu akakhala paulendo asankhe mmodzi akhale mtsogoleri. Akuluakulu athu adanenanso zomwezo kuti kuyenda awiri si mantha.

Allah amadziwa kuti ulendo ndi wolemetsa, n'chifukwa chake adamupeputsira wapaulendo. Mu Surah Nisaa ndime 101 muli chilolezo chofupikitsa Swala. Dhuhr, Asr ndi Isha zimapempheredwa maraka awiri awiri, pamene Fajr ndi Maghrib zimakhala momwemo. Wapaulendo angathe kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, ndiponso Maghrib ndi Isha. Ma Ulama ambiri amati ulendo wake ukhale wa makilomita pafupifupi 80 kapena kuposa. Mu Surah Baqara ndime 184 ndi 185, wapaulendo waloledwa kumasula m'mwezi wa Ramadhan n'kudzabweza masikuwo. Tidaphunzitsidwanso kuti duwa ya wapaulendo imayankhidwa. Makolo, mwana asananyamuke mupite naye kwa a Shehe akamuphunzitse zimenezi, kuphatikizapo masiku amene chilolezocho chimathera akafika. Muuzeninso kuti kuno kwathu ngakhale ku Johannesburg, Kibla chili kumpoto, kupendekera pang'ono kum'mawa. Mwana amene waswali maraka awiri pa chipata cha Mwanza amakwera basi mtima uli pansi kusiyana ndi amene wangokhala kuwerenga ndalama zake kachisanu.

Kwa inu otsala pakhomo, tili ndi mawu atatu. Choyamba, muuzeni mwana zoona asananyamuke. Muuzeni kuti adzalira, ndipo akadzalira asadzaganize kuti walephera. Amalume ake amene adayendapo amuuze za masiku a njala, asangomuonetsa wailesi ndi njinga zimene adabwera nazo. Chachiwiri, akaimba foni kapena kutumiza uthenga pa WhatsApp, funso loyamba lisakhale la ndalama. Mufunseni ngati wadya, ngati wapeza mzikiti, ngati ali ndi womuchezetsa. Ana ambiri amasiya kuyankha foni za kumudzi chifukwa cha manyazi, poti alibe choti atumize. Chachitatu, khomo likhale lotsegula. Mu April 2015, ziwawa zothamangitsa alendo zitabuka ku Durban, boma lidatumiza mabasi kukatenga Amalawi, ndipo ambiri adafika kuno chimanjamanja. Munthu wobwerera chotero alandiridwe ndi Alhamdulillah, osati kumunong'oneza pa chitsime. Izi zikukhudzanso ana athu aakazi ndi amayi amene masiku ano akuyenda maulendo omwewa. Za malamulo a ulendo wa mkazi funsani a Shehe, ndipo onetsetsani kuti womulandira uko akupitako ndi munthu wodziwika bwino ku banja.

Kwa iwe mwana wanga amene ukukonzekera ulendo, yenda ndi mapepala oyenera, chifukwa woyenda mozemba mantha ake satha ngakhale atafika. Manambala a foni uwalembe papepala, poti foni imatha moto ndipo imabedwa. Ukafika, Lachisanu loyamba funafuna mzikiti ukaswali Juma, upereke Salaam kwa amene wakhala naye pafupi, udzitchule dzina ndi kwanu. Kumeneko udzapeza wa ku Mangochi, wa ku Machinga, ndi Msilamu wa dziko lina amene adzakutcha m'bale. Usiku umene mtima walemera, usagamule nkhani yaikulu. Gona, uswali Fajr, ulankhule ndi munthu wamkulu.

Pomaliza, kwa Asilamu anzathu a ku Chileka, Lirangwe, Lunzu ndi onse okhala m'mbali mwa misewu ikuluikulu: mu Surah Tauba ndime 60, wapaulendo amene zamuthera watchulidwa pakati pa oyenera kulandira Zakaat. Mukaona nkhope yachilendo pa mzikiti, chikwama chili pambali, musadikire kuti ayambe ndiye. Mupatseni Salaam, mumuonetse pa madzi a udhu, mumufunse kumene akupita. Mwina ndi mwana wa ku Makanjira amene chichokereni kwawo palibe wamutchula dzina.

Allah awasunge ana athu onse amene ali panjira, ndipo awabweze kwawo ali moyo ndi Imani yawo. Ameen. Tidzakumanenso pakhonde pano m'kope likubwerali, Insha Allah. Wassalaam.