Manda akudziwa zimene mabuku a boma sadziwa

Ife amene timatsogolera mapemphero a maliro ku Kitwe ndi ku Ndola sitidzaiwala miyezi ya June ndi July mu 2021. Kumanda a Chingola Road ndi Kantolomba, gulu lina likutuluka, lina linali kulowa. Koma madzulo pa wailesi, ciwerengero ca omwalira ndi Covid-19 cinali cocepa poyerekeza ndi zimene maso athu anaona.

Sitikunena kuti wina anabisa dala. Boma linali kuwerenga okhawo amene anapimidwa ndi kupezeka ndi kacilombo. Nanga agogo amene anatsirizikira kunyumba akufukiza masamba a bulugamu? Nanga mlimi wa ku Masaiti kapena ku Lufwanyama amene anaikidwa pamudzi, osaona ndi khomo lomwe la cipatala?

Mu 2020 akatswiri anapima mitembo 364 pa cipatala ca UTH ku Lusaka. Mitembo 70 inapezeka ndi kacilomboka, ndipo ambiri mwa anthuwa anafera kunyumba osapimidwa. Boma linalemba imfa zopitirira pang'ono 4,000 m'dziko lonse. Pa dziko lapansi, m'zaka za 2020 ndi 2021, imfa zolembedwa zinali 5.4 miliyoni, koma bungwe la WHO linapeza kuti mliriwu unatenga anthu pafupifupi 14.9 miliyoni.

Nafenso tili ndi mlandu, abale. Mabanja ena, poopa kuti maliro adzacepetsedwa anthu, anali kungoti ndi BP kapena shuga. Ndi mmenenso tinacitira ndi Edzi, pamene pa maliro tinali kungoti malemu anadwala nthawi yaitali. Mu 1987 a Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wao anamwalira ndi Edzi, koma ambirife sitinatengerepo phunziro.

Kodi ciwerengero cili ndi nchito yanji? Mankhwala, okosijeni ndi anamwino amatumizidwa kumene mabuku akuonetsa vuto. Dera limene akufa ake sanalembedwe limaoneka ngati lili bwino, ndipo thandizo limapita kwina.

Tsono tikupempha citente ciliconse cikhale ndi buku lolembamo dzina, zaka, tsiku ndi matenda a womwalirayo, ndipo bukulo lizifika kuparishi. Banja nalo likalembetse imfa kuboma, ngakhale malemu anafera kumunda. Mulungu amatidziwa aliyense ndi dzina lake. Ifenso tisalole m'bale wathu kulowa m'manda osalembedwa.