Madzi Saiwala Khwawa

Mvula yoyamba ikagwa mu November, pamene alimi kumidzi akuthamangira kumunda ndi mbewu m'manja, anthu a m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba amayambanso maliro awo a chaka ndi chaka, kuti madzi alowa m'nyumba, phula lakumbika, ndipo khonsolo ili m'tulo. Koma aliyense woyenda mofatsa m'makwalala, maso ali pansi, adzaona yekha kumene tsokali limabadwira. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

Taonani chimene amachita munthu akapata galimoto. Amamanga mpanda wa njerwa, naikapo geti lachitsulo, ndipo poona kuti ngalande ya m'mbali mwa msewu yamutsekera polowera, m'malo mogula kalavati kuti madzi azidutsa pansi, iye amaitana anyamata aganyu kuti athire dothi, miyala ndi zidutswa za njerwa m'ngalandemo kufikira italingana ndi msewu, kenaka nkuwakapo simenti pamwamba. Kawirikawiri ameneyu si mbuli ayi, ndi munthu wophunzira, wolemekezeka pantchito ndi kumpingo komwe. Komatu madzi amene iye wawatsekera njira sabwerera kumwamba kumene anachokera: amakhota, nadya m'mphepete mwa phula, natsetsereka kukagwetsa chimbudzi cha mayi wamasiye wa kumunsi, amene ngakhale njinga alibe. Kumeneku ndi kulakwira mnansi, ndipo sikuchepa chifukwa wolakwayo sanaone misozi ya wolakwiridwa.

Kachigawo kamene kali pakati pa mpanda ndi msewu si ka mwini nyumba. Lamulo la misewu linakapatula kuti mukhale ngalande, mapaipi a madzi, mapolo a magetsi ndi podutsa anthu oyenda pansi. Lero wina wadzalapo chimanga, wina waunjikapo mchenga wa nyumba imene sinayambe nkumangidwa komwe, wina wamangapo okala, ndipo ana asukulu, posowa poponda, amalimbirana phula ndi maminibasi ndi akabaza.

Makhonsolo nawo sangasambe m'manja. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linawapatsa mphamvu yotolera msonkho wa malo ndi nyumba, ndipo wolandira msonkho walandiranso udindo. Pakuti ngati khonsolo ili ndi maso oonera pulani ya nyumba isanamangidwe, ndiponso miyendo yofikitsira kalata ya ngongole pakhomo, siingasowe maso oonera ngalande yokwiriridwa pageti lomwelo, kapena pakamwa pouzira mwini nyumba kukula kwa kalavati woyenera malowo. Udzu wa m'mbali mwa msewu ukafika m'khosi mwezi wa February, nubisa zikwangwani pamphambano ndi achifwamba usiku, sitingati anthu amene anapereka msonkho wawo alira popanda chifukwa.

Ngakhale zili chomwecho, cholemera chili pa ife eni makomo. Kumudzi mfumu ikalamula kuti mawa tikalambule njira ya kuchitsime kapena ya kumanda, panalibe wofunsa kuti njirayo ndi ya yani. Aliyense ankatuluka ndi khasu lake, ndipo wojomba ankadziwa kuti mlandu ukumudikira kubwalo. Ana a anthu omwewo, atafika m'tauni ndi kudzitsekera m'mipanda, aphunzira kusesa bwalo lawo ndi kukankhira zinyalala ndi majumbo apulasitiki m'ngalande, nati zakunja kwa geti ndi za boma. Pamene mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku losesa mu November 2020, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, anangotikumbutsa mwambo umene makolo athu ankausunga popanda wailesi.

Zoona, alipo madzi amene ngalande iliyonse ingalephere kuwanyamula, monga a namondwe wa Freddy amene anakokolola nyumba ndi anthu ku Chilobwe mu March 2023. Koma mvula yotere siigwa chaka chilichonse, ndipo misewu ya m'makwalala athu ikutha ndi mvula wamba. Chilimwe chisanathe, khonsolo iyendere geti ndi geti, wokwirira ngalande alamulidwe kufukula ndi ndalama zake ndi kuikapo kalavati, ndipo wokana alipitsidwe chindapusa, kaya ndi bwana kaya ndi khansala wa dera lomwelo.