Kalumo ka Mlendo ndi Mutu wa Sarafina

Pali bodza limene lazika mizu pakati pa opanga mafilimu kummwera kwa Africa, lakuti nkhani ya mu Africa singaoloke nyanja pokhapokha itaberekedwa kumsana kwa katswiri wa ku Hollywood. Ofalitsa bodzali amathamangira kutchula filimu ya Sarafina! ya mu 1992 ngati mboni yawo. Komatu mboniyi, ikafunsidwa mofatsa, imawatembenukira.

Sarafina! idayamba ngati sewero la pabwalo. Mbongeni Ngema adalilemba, nathandizana ndi Hugh Masekela pa nyimbo zake, ndipo lidaonetsedwa koyamba ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg mu 1987. Mu Januwale 1988 lidafika ku Broadway, kumene lidaseweredwa maulendo 597 ndi kusankhidwa kupikisana nawo pa mphoto zisanu za Tony. Ochita seweroli adali achinyamata a ku South Africa omwe America idali isanamvepo maina awo, ndipo patsogolo pawo padali Leleti Khumalo, mtsikana wa ku KwaMashu wobadwa mu 1970. Choncho nkhaniyi idaoloka nyanja ndi miyendo yakeyake.

Itakwana nthawi yoti seweroli lisanduke filimu, Anant Singh ndi Darrell Roodt adachita bwino pomusiyira Khumalo gawo lake. Adaitananso Miriam Makeba kukhala mayi wa Sarafina, John Kani kukhala mphunzitsi wamkulu, ndipo Ngema mwini adasewera wapolisi Sabela. Koma gawo la Mary Masombuka, mphunzitsi amene amatsegula maso ana asukulu, lidapita kwa Whoopi Goldberg, yemwe adali atangolandira mphoto ya Oscar mu 1991 chifukwa cha filimu ya Ghost. Kodi m'dziko lomwe lidabala Makeba ndi Kani mudasoweka mayi woti nkuima kutsogolo kwa kalasi ya ku Soweto?

Oikira kumbuyo chisankhochi amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Amati filimu imadya ndalama zochuluka kuposa sewero, ndipo eni chuma samasula chikwama asanaone dzina lomwe akulidziwa. Mfundoyi siyopepuka, ndipo luso la Goldberg palibe angalikane. Chomwe akuiwala nchakuti kalumo kakuthwa kamatemanso mutu womwe kakumeta.

Mutu wa Sarafina! ndi chilankhulo. Pa 16 Juni 1976 ana asukulu a ku Soweto adalowa mumsewu kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, ndipo apolisi adawayankha ndi zipolopolo. Nkhani yotere imakhala palilime: m'katchulidwe ka mawu, m'kudumpha kuchoka m'Chingerezi kulowa m'Chizulu, m'kakalipidwe ka mphunzitsi yemwe ana amamuopa namukondanso. Izi munthu amayamwira, saziloweza pa masabata ochepa. Nchifukwa chake khutu la ku Soweto, ngakhalenso la ku Bulawayo kapena ku Lusaka, limamva msoko paliponse pamene Masombuka watsegula pakamwa. Ana adafera ufulu wophunzira m'mawu omveka kwa iwo, koma m'filimu yowakumbukira mphunzitsi wawo akulankhula ndi lilime lobwereka.

Chowawa kwambiri nchakuti chimene chidayamba ngati njira yopezera ndalama chidasanduka mwambo. Singh ndi Roodt omwewa adapatsa James Earl Jones gawo la mbusa Kumalo mu Cry, the Beloved Country mu 1995. Sewero la Athol Fugard la Boesman and Lena litajambulidwanso mu 2000, anthu awiri osauka a m'matope a mtsinje wa Swartkops adaseweredwa ndi Danny Glover ndi Angela Bassett. Mu 2011 Roodt adaveka Jennifer Hudson nkhope ya Winnie Mandela, ochita zisudzo a ku South Africa ali kudandaula poyera. Wachinyamata wophunzira zisudzo akaona mndandandawu amatolapo phunziro limodzi: thukuta la pabwalo nlake, koma chithunzi chachikulu pakhomo la nyumba ya kanema ncha mlendo.

Yankho lomaliza lidachokera kwa eni mwambowu. Mu 2004 Singh ndi Roodt adatulutsa Yesterday, filimu ya m'Chizulu yopanda katswiri wa ku Hollywood ngakhale mmodzi, Leleti Khumalo ali patsogolo. Filimuyi idasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar, ulemu womwe Sarafina! sidaupeze ngakhale idali ndi Goldberg.

Aphunzitsi a zisudzo ndi ophunzira awo aleke kubwereza bodza lija ngati lamulo la chilengedwe. Amene adasenza gawo pabwalo, kapena mnzake woyamwa chilankhulo chomwecho, ndiye woyamba kuyesedwa pamaso pa kamera, ndipo wofuna kumulambalala afotokoze chimene nkhaniyo ipindule, osati chimene thumba lake lipindule. Patapita zaka zoposa 30, dzina la Sarafina likatchulidwa, nkhope yomwe imadza m'maganizo a anthu ndi ya mtsikana wa ku KwaMashu uja.