Njinga ya mabwana pa mchenga wa ku Chiuta

Ndili ndi mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, monga achitira anyamata ambiri a kwathu kuno ku Machinga ndi ku Mangochi. Anzake akamabwera kumudzi amakwera basi. Iye chaka chino adabwera pa njinga yamoto. Adadzera pa Beitbridge, Harare ndi Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kudzalowa m'dziko muno pa Mwanza. Atangofika pa Balaka adandiimbira foni.

"Alamu, tabwerani mudzaone chimene ndabwera nacho. Inu mumalemba m'nyuzi, ndiye mudzachiyese nokha, musadzalembe za m'maluwa."

Ndidapita. Anthuni, ndidapeza khwimbi la anthu litazungulira chimthuthuthu chachikulu ngati ng'ombe yamphongo, ana akudziyang'anira nkhope pa utoto wake. Dzina lake ndi Honda Gold Wing. Mtundu umenewu udayamba kugulitsidwa mu 1975, ndipo adaupangira anthu oyenda maulendo ataliatali pa misewu yosalala ya ku America ndi ku Ulaya. Kwa zaka pafupifupi 30 njingazi ankazipangira ku Marysville m'chigawo cha Ohio ku America komweko, asadabwezere ntchitoyo ku Japan.

Kuti mumvetse kukula kwake, tiyerekeze ndi zomwe timazidziwa. Njinga za kabaza zomwe zadzaza m'masiteji mwathu, kaya Boxer, Lifan kapena King Lion, zambiri injini yake ndi ya 100cc mpaka 150cc, ya silinda imodzi. Iyi ndi ya 1,833cc, masilinda 6. Ndiye kuti yaposa ngakhale injini ya Sienta ija imatinyamula anthu khumi pa msewu wa Liwonde. Kulemera kwake kumapitirira makilogalamu 380, pafupifupi matumba 8 a chimanga. Ili ndi wailesi, masutikesi atatu omamatira ku thupi lake, galasi lakutsogolo lokwera ndi kutsika ukadina batani, komanso rivesi, poti palibe munthu angaikankhe chobwerera ndi miyendo. Tcheni ilibe, mphamvu imafika ku tayala lakumbuyo kudzera pa chitsulo chozungulira ngati cha galimoto. Mpando wake umatha kutenthetsedwa, ndipo ndidaseka kuti batani limenelo lavutikiranji kubwera ku Balaka mwezi wa Okutobala.

Ineyo njinga yamoto ndidaizolowera kale pa ntchito yoyendera midzi, ndipo laisensi ya njinga zikuluzikulu ndili nayo. Tidapangana kuti tiyambire pa Balaka, tidzere pa Liwonde ndi pa Ntaja, tikathere ku nyanja ya Chiuta komwe kudachokera mayi ake a mlamu wangayo. Iye adadodoma pang'ono. Adati njingayo ndi ya pa tala, koma ine ndidamutsimikizira kuti misewu yafumbi ndimaidziwa ngati chikhatho changa.

Pa makilomita pafupifupi 30 a pakati pa Balaka ndi Liwonde, kunena zoona, sindidakwerepo chinthu chokoma chotere. Ikangoyamba kuyenda, kulemera kuja kumasowa, chifukwa injini adaigoneka m'munsi ndipo thanki ya petulo ili pansi pa mpando. Magiya 7 imasintha yokha, kulibe zofinya klachi. Phokoso ndi lochepa, mphepo imakudutsa pamwamba pa mutu. Pa mlatho wa Kamuzu Barrage ndidayendetsa pang'onopang'ono kuti ndione Shire, ndipo apolisi a pa rodibuloko adaiyang'ana mbali zonse, wina n'kufunsa ngati imafuna laisensi ya njinga kapena ya galimoto.

Mabuleki ndidawayesa mosafuna. Tikuyandikira Nsanama, mbuzi idadumphira mumsewu, kamwana kake kali pambuyo. Ndidafinya buleki ndi mphamvu zanga zonse, ndikuyembekezera kuti tayala lakutsogolo likhwekhwereka ngati mmene zimachitira njinga zathuzi. Sizidatero. Njingayi ili ndi mabuleki otchedwa ABS, omwe amagwira ndi kutaya kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti tayala lisaume n'kuterereka. Tidaima chilili, mbuzi ikupita zake. Njinga yamtunduwu ina imabwera ndi chikwama champweya chomwe chimafufuma pa ngozi ngati cha m'galimoto, ndipo Gold Wing ndiyo idayamba kugulitsidwa nacho mu 2006.

Pa Nsanama tidasinthana, ine n'kukhala kumbuyo, ndipo apa mpamene nkhani ya sabata ino idandifikira. Mpando wakumbuyowo ndi ngati wa ndalema. Uli ndi potsamira msana, poponda mapazi potakasuka, ndi pogwira manja. Mlamu wanga sadalole kunyamuka mpaka ataona kuti lamba wa chipewa changa ndamanga pansi pa chibwano. Chipewacho adachita kuchinyamula kuchokera ku Joni, pomwe pa ulendo wonsewo adali yekha. Ndili phee kumbuyoko, ndidazindikira kuti kwinakwake kudali munthu amene adakhala pansi n'kuganizira za wokwera kumbuyo: akhala bwanji, agwira pati, nanga njinga ikaima mwadzidzidzi chimuchitikire nchiyani.

Ndidakumbukira mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene tidamuika m'manda zaka zitatu zapitazo ali Folomu 3. Adakwera kabaza kuchokera kumsika, njinga siinkathamanga n'komwe. Tayala lidaterereka pa timiyala, woyendetsa adangosupuka chigongono, koma mwanayo adamenyetsa mutu pa mwala. Chipewa chidalipo chimodzi, ndipo chidali chopachika pa handulo.

Titapitirira Ntaja tidasiya tala n'kulowera cha kwa Ngokwe, ine nditabwerera pa chiwongolero. Apa zinthu zidasintha. Pansi pa njingayi ndi nthaka pali mpata wa masentimita 13 okha, ndiye mzere uliwonse umene madzi a mvula adakumba unkatigunda kumimba. Matayala ake ndi osalala, opangira tala. Pa mchenga lakutsogolo lidayamba kusambira, ndipo kulemera kumene kudasowa pa msewu wa Liwonde kudabwerera konse m'mikono mwanga. Pa khwawa lina louma ndidachepetsa moto pomwe ndimayenera kuwonjezera. Njinga idapendekeka pang'onopang'ono ngati munthu woledzera, n'kugona chammbali, ife tili mbwee pa mchenga.

Palibe adavulala, ndipo njingayo sindingaiimbe mlandu. Mwini wake adandichenjeza, ine n'kumva zanga zokha. Safunsa adadya phula. Chomwe chidatikanika n'kuidzutsa. Anthu awiri akuluakulu tidakankha mpaka thukuta kamukamu, koma idangoti njo pomwepo.

Tili chomwecho idadutsa njinga ya kabaza itanyamula anthu atatu: woyendetsa, mayi wodwala pakati, ndi agogo kumbuyo atamugwirizira. Sadaime, ndipo sitidawadandaule, poti zidaonekeratu kuti akuthamangira kuchipatala. Pa atatuwo padalibe wovala chipewa. Idadutsa pa mchenga womwe udatigwetsawo ngati ikuyenda pabwalo. Patangopita kanthawi adafika anyamata ena awiri a zobanduka, n'kuimika njinga zawo. Mutu umodzi susenza denga: anthu anayi tidaidzutsa.

"Mabwana, ndi chimenechi simukafika kunyanja," adatero mmodzi, akupukuta manja pa thalauza. "Kutsogoloku mchenga ndi woposa pano. Chisiyeni pa nyumba ya amfumu apo, tikutengeni ife."

Tidatero. Njinga yomwe mtengo wake ungagule za kabaza zodzaza siteji yonse ya pa Ntaja idatsala pansi pa mtengo wa mango, ana akuilondera, ife n'kukwera tinjinga tomwe poyamba tinkatidutsa modzikweza.

Mnyamata amene adanditenga ine adali waulemu ndiponso wodziwa njira. Ndidamufunsa komwe adaphunzira kuyendetsa. Adati pa bwalo la mpira, masiku awiri, mnzake ndiye adamuphunzitsa. Laisensi alibe. Adati sukulu zoyendetsa zili kutali, ndipo ndalama yake ndi ya miyezi ingapo ya ntchito. Njingayo si yake. Madzulo aliwonse amakapereka ndalama yomwe adapangana ndi mwini wake, yotsalayo ndiye ya petulo ndi ndiwo. Petuloyo amagula wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Ndidaona kuti buleki yakutsogolo saigwira, ndipo nditafunsa adati waya wake udaduka kalekale, komanso anzake adamuuza kuti buleki yakutsogolo imagwetsa. Chonsecho pa njinga yamoto mphamvu yaikulu yoimitsira ili ku tayala lakutsogolo, bola munthu aphunzitsidwe kuifinya mwanzeru.

"Nanga chipewa cha kasitomala chili kuti, achimwene?"

Adaseka. "Bwana, ngakhale nditagula, amakana. Amayi amati chiwononga tsitsi, abambo amati chimanunkha thukuta la anthu ena. Ukaumirira, amakwera ya mnzako."

Ine ndidali nditavala chipewa cha mlamu wanga, ndipo m'midzi yomwe tinkadutsa ana ankandiloza ngati chinthu chachilendo.

Tidafika kunyanja dzuwa litapendeka. Chiuta ndi nyanja yosaya, ya mabango ndi udzu wambiri, ndipo malire a dziko lino ndi Mozambique ali pomwepo. Madzi ake akachuluka amatsikira ku nyanja ya Amaramba, komwe kumayambira mtsinje wa Lugenda. Pa doko tidapeza mabwato atakocheza, amayi akuyanika matemba, ena akuwamba milamba. Ndipo paliponse padali njinga zamoto. Ina ankaimangirira dengu la makumba lopita ku Ntaja, ina matumba awiri a mpunga, ina idabwera ndi mphunzitsi ndi mabuku ake. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, kutali ndi kuno, ndipo amene wadwala usiku sadikira ambulansi. Amadzutsa mnyamata wa kabaza.

Ndiye mukandifunsa kuti mayeso adatha bwanji, yankho langa lili pawiri. Pa tala, Gold Wing ilibe mnzake pa njinga zonse zomwe ndidakwerapo. Munthu angachoke pa Balaka m'mawa n'kukafika ku Mzuzu msana uli bwinobwino. Petulo imamwa malita 5 kapena 6 pa makilomita 100, thanki yake ndi ya malita 21, ndiye m'masiku a mizere pa mafilingi siteshoni mwini wake ayenera kuwerengera bwino. Koma kwa anthu a ku Chiuta njinga imeneyi ilibe ntchito. Imene imawafikitsa kuchipatala, kumsika ndi kumaliro ndi ya silinda imodzi ija, ndipo aliyense wonena kuti kabaza athetsedwe ayambe wagona kwa Ngokwe usiku umodzi mwana akutentha thupi.

Chimene ndikusirira pa njinga ya mlamu wanga si wailesi kapena mpando wotentha. Ndi ulemu umene imapereka kwa moyo wa wokwera kumbuyo, ndipo ulemu umenewo sufuna injini ya masilinda 6. Chipewa chachiwiri, waya wa buleki, ndi sabata imodzi ya maphunziro enieni, zonsezi pamodzi sizifika pa mtengo wa tayala limodzi la Gold Wing. Lamulo la pamsewu lilipo kale loti woyendetsa ndi wokwera onse avale chipewa. Aliyense amene adakazondako wodwala ku wodi ya othyoka mafupa ku Zomba Central kapena ku Queens akudziwa kuti mabedi ambiri kumeneko agonapo anthu a ngozi za kabaza. Amene amenyetsa mutu, ambiri safika n'komwe pa bedi.

Tsono ndipemphe zinthu zingapo. Akuluakulu oona za pamsewu abweretse maphunziro ndi mayeso a laisensi m'malo ngati Ntaja, Nsanama ndi Nselema, pa mtengo woti mnyamata wa kabaza angakwanitse, chifukwa kumulanda njinga lero n'kumubwezera mawa sikumuphunzitsa kugwira buleki. Eni njinga amene amalandira ndalama madzulo aliwonse agule zipewa ziwiri asadagule njinga yachiwiri. Matcheyamani a m'masiteji agwirizane kuti njinga yopanda chipewa cha kasitomala isanyamule munthu, kuti wokana chipewa asapeze ya mnzake yokwera. Ndipo ife okwera tisiye manyazi. Woopa thukuta la mnzake avale kampango mkati. Tsitsi limalukidwanso Loweruka, koma mutu wa mphwanga palibe adatha kuukonza.

Pobwerera tidaipeza njinga ija ili bwinobwino pansi pa mango, ndipo mpaka pa tala adayendetsa mwini wake, ine ndikutsatira pa kabaza. Tikusiyana pa Balaka adandifunsa chomwe ndikufuna adzanditengere ulendo wa Disembala. Anthu amaitanitsa mafoni, mabulangete ndi masipika. Ine ndidaloza masutikesi atatu aja n'kumuuza kuti, "Alamu, mudzadzazemo zipewa. Choyamba ndikapatsa mnyamata amene adatifikitsa kunyanja uja."