Phindu la Papepala Silidyetsa Banja

Mwezi uliwonse ukatha, msika wa masheya wa dziko lino, umene uli mu mzinda wa Blantyre, umatulutsa lipoti lofotokoza mmene malonda ayendera. Manyuzipepala ndi mawayilesi amatolamo chiŵerengero chimodzi chokha n'kuchiulutsa ngati uthenga wa chikondwerero, kuti masheya akwera ndi maperesenti akutiakuti. Chiŵerengero chimenechi chikufika tsopano ngakhale kumidzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, monga ku Sanga, Chintheche, Kande ndi Usisya, kudzera pa mafoni a m'manja. Nzomvetsa chisoni kuti pali anthu ena amene achisandutsa ndodo yokwapulira anzawo, namanena kuti msodzi amene akugulabe ukonde ndi injini ndi wotsalira, pakuti anzeru akulemera ali khale. Anthu otereŵa ayenera kuyankhidwa poyera, chifukwa mawu awo ndi okoma m'khutu koma akhoza kugwetsera mabanja mu umphaŵi.

Poyamba nkofunika kumvetsa chinthu chimene chikukambidwa. Pali mtundu wina wa kampani umene sulima, suŵedza, ndiponso supanga katundu aliyense. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndalama za anthu ambiri m'thumba limodzi n'kugula nazo masheya m'makampani osiyanasiyana, kotero kuti kampani imodzi ikagwa, makampani enawo achirikize thumbalo. Nzeru imeneyi si yachilendo. Ku London thumba lotere, lotchedwa Foreign and Colonial, linayamba mu 1868, ndipo cholinga chake chinali chothandiza anthu opeza pang'ono kuti asaike chuma chawo chonse pamalo amodzi. Kuno ku Malaŵi kuli National Investment Trust, imene ambiri amaitchula mwachidule kuti NITL. Thumba limeneli linakhazikitsidwa panthaŵi imene Boma linali kugulitsa makampani ake, kuti Amalaŵi wamba nawonso akhale ndi gawo m'chuma cha dziko lawo, ndipo linaloŵa pa msika wa masheya mu 2005. Muli masheya a makampani odziŵika monga National Bank, Standard Bank, Illovo ndi Press Corporation.

Palibe munthu wanzeru amene angatsutse kuti cholinga chimenechi chinali chabwino, ndipo palibe amene angakane kuti masheya anakweradi m'zaka zapitazi. Muyeso wa msika wonse unakwera ndi maperesenti oposa 75 mu 1 chaka cha 2023 chokha, ndiponso ndi oposa 50 mu 2024. Chimene chikutsutsidwa pano ndi bodza lakuti kukwera kwa mwezi umodzi ndi chuma chimene munthu wachigwira m'manja.

Bodzali limagwa pa mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti phindu la thumba lotere lili mitundu iŵiri. Pali ndalama zenizeni zimene makampani amagaŵira eni masheya kuchokera pa phindu lawo, kaŵirikaŵiri kamodzi kapena kaŵiri pa chaka, ndipo thumbalo limapatsirako anthu ake. Zimenezi munthu akhoza kugulira ufa, kulipirira mwana sukulu kapena kufolera nyumba. Palinso phindu lina limene limangolembedwa m'buku chifukwa mtengo wa masheya wakwera pa msika, ngakhale kuti palibe sheya imene yagulitsidwa. M'zaka zimene msika wakwera kwambiri, gawo lalikulu la phindu lolengezedwa limakhala la mtundu wachiŵiriwu. Limabwera popanda munthu kukhetsa thukuta, ndipo likhoza kuchoka popanda kutsazika. Makolo ananena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Malipoti a pachaka a makampani amasiyanitsa bwino mitundu iŵiriyi, koma ofuula m'misika ndi pa mafoni amaibisa dala, pakuti chiŵerengero chachikulu ndicho chimakopa anthu.

Mfundo yachiŵiri ndi mphamvu ya kwacha. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti 25, ndipo mu November 2023 inachepetsedwanso ndi maperesenti 44, kotero kuti dola imodzi ya ku America, imene inali pafupifupi K1,180, inafika pa K1,700. Kukwera kwa masheya kwa chaka cha 2023, kumene kunaposa maperesenti 75 poŵerengera makwacha, sikunafike ngakhale pa maperesenti 10 poŵerengera madola. Nkhani imeneyi msodzi wa ku Sanga amaimva msanga kuposa kalaliki wa mu ofesi, chifukwa injini ya boti lake, ukonde wake ndi petulo wake zonse zimachokera kunja ndipo mitengo yake imatsata dola. Chimodzimodzinso mu 2024: munthu amene masheya ake a K100,000 anakwera kufika pa K155,000 anapeza kuti katundu amene kale anali wa K100,000 wafika pafupifupi pa K130,000, pakuti mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti pafupifupi 30 m'chaka chimenecho. Phindu linalipo ndithu, koma silinafike ndi theka lomwe la limene linaimbiridwa ng'oma.

Mfundo yachitatu ndi ya kugulitsa. Thumba la mtundu wa NITL silili ngati buku la kubanki, limene mwini wake amapita nalo pa kauntala n'kutapa ndalama tsiku lomwelo. Wofuna ndalama zake ayenera kupeza munthu wina wofuna kugula masheya akewo, kudzera mwa ogulitsa masheya ovomerezeka. Msika wa Malaŵi ndi waung'ono, ndipo pamakhala masiku amene masheya a makampani ena sagulidwa kapena kugulitsidwa n'komwe. Pa msika wotere, anthu oŵerengeka akagula masheya ochepa pa mtengo wokwera, mtengo umenewo umalembedwa ngati wa masheya onse a kampaniyo, ndipo lipoti la mweziwo limaŵala. Koma anthu ambiri akafuna kugulitsa nthaŵi imodzi, ogula amasoŵa ndipo mtengo umatsika. Matenda ndi maliro sizidikira kuti wogula apezeke ku Blantyre.

Nzodabwitsa kuti anthu a kunyanja ndiwo akuphunzitsidwa kuŵeruza chuma ndi mwezi umodzi, pamene iwo ndiwo aphunzitsi a kuleza mtima. Msodzi wa usipa amadziŵa kuti mwezi ukaŵala kumwamba nyali zake zimachepa mphamvu ndipo chilimira chimabwera chopepuka, koma mdima ukabwerera usipa umasonkhananso pa nyali. Amadziŵanso kuti mwera ukayamba kuomba m'nyengo yozizira, mabwato akhoza kukhala pamchenga masiku angapo. Palibe mwini chilimira amene amagulitsa zida zake chifukwa cha sabata imodzi ya mwera, ndipo palibe amene amamanga nyumba yachiŵiri chifukwa cha usiku umodzi wa nsomba zambiri. Iye amaŵerengera chaka chonse, atachotsa petulo, malipiro a anyamata ake ndi zokonzera ukonde. Nzeru imeneyi ndi yomweyo imene ikufunika pa masheya, ndipo amene akuinyoza ndiye wotsalira weniweni.

Koma pali nkhani ina yaikulu imene chiŵerengero cha pamwezi chimaphimba. Kumaiko ena kuli matumba amene ntchito yawo ndi kugula masheya a makampani ang'onoang'ono okhaokha, ndi chiyembekezo chakuti kampani yaing'ono ya lero idzakhala yaikulu maŵa. Izi zimatheka chifukwa makampani otere alipo ambiri pa misika yawo. Msika wa ku London unatsegula bwalo la makampani ang'onoang'ono lotchedwa AIM mu 1995, ndipo wa ku Johannesburg unatsegula lake, lotchedwa AltX, mu 2003. Matumba otere amakwera ndi kutsika kwambiri mwezi ndi mwezi, ndipo n'chifukwa chake akatswiri akumeneko amalangiza anthu kuyang'ana zaka zisanu kapena khumi. Ku Malaŵi malonda a masheya anayamba mu November 1996, pamene kampani ya NICO inakhala yoyamba kuloŵa pa msika. Patapita zaka 28, kumapeto kwa 2024, pa msikawo panali makampani 16 okha, ndipo asanu mwa iwo anali a mabanki. Airtel ndi FDH Bank zitaloŵa mu 2020, zaka zinayi zotsatira zinatha popanda kampani yatsopano. Bwalo la makampani ang'onoang'ono linakonzedwa ndithu, koma linakhala zaka zambiri lili mbee, lopanda kampani ndi imodzi yomwe.

Tsono chiŵerengero cha pamwezi chija chimayeza chiyani? Boma la Nkhata Bay si losauka pa ntchito zamalonda. Kuli mphira wa ku Vizara, tiyi wa ku Kawalazi, malo ogona alendo ku Chintheche ndi ku Kande, ndi usipa umene umadyetsa anthu ku Mzuzu, Lilongwe ndi madera ena ambiri. Pa zonsezi palibe kampani ya m'bomali imene munthu wa ku Mpamba angagulemo sheya pa msika wa ku Blantyre. Chimene chinakweza msika m'zaka zapitazi makamaka ndi mabanki, ndipo gawo lalikulu la phindu la mabanki linachokera pa kukongoza Boma ndalama pa chiwongoladzanja chokwera. Mu February 2024 Banki Yaikulu ya Reserve inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa maperesenti 26, ndipo wamalonda wamng'ono wopita kukakongola kubanki ankalipira choposa pamenepo. Choncho chiwongoladzanja chimene chinanenepetsa lipoti la pamwezi ndi chomwecho chimene chinalepheretsa mwini boti kukongola ndalama zogulira injini yachiŵiri kapena makina opangira ayezi. Kumuuza munthu ameneyu kuti akondwere ndi lipotilo n'kumuseka.

Mlandu wa zimenezi suli pa munthu mmodzi. Uli pa eni makampani apakati amene amaopa kutsegula mabuku awo kuti akatswiri oŵerengera ndalama awaone, nafuna kuti kampani ikhale ya pabanja mpaka ife pamodzi ndi mwini wake. Uli pa akatswiri a zachuma amene amalemba malipoti awo m'Chingerezi chozama chokhachokha, ngati kuti wolankhula Chitonga, Chitumbuka kapena Chicheŵa alibe ndalama yosunga. Uli pa olemba nkhani amene amakonda mutu wogunda mtima kuposa kufotokoza. Ndipo uli kwambiri pa akamberembere amene amabisala kumbuyo kwa mbiri ya masheya, namalonjeza anthu phindu lotsimikizika la mwezi ndi mwezi. Palibe thumba loona la masheya limene lingalonjeze zotere, pakuti palibe amene amadziŵa mtengo wa maŵa. Wolonjeza zimenezi ali ngati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Njira yokonzera zinthu ndi yodziŵika. Aliyense wolengeza kukwera kwa mwezi alengezenso pambali pake ndalama zenizeni zimene eni masheya analandira, kukwera kwa mitengo ya zinthu m'nthaŵi yomweyo, ndi mmene thumbalo layendera pa zaka zisanu, ndipo zimenezi zimveke m'zinenero za anthu. Eni makampani apakati alimbe mtima, akonze mabuku awo, aloŵe pa bwalo limene linawakonzedwera, kuti tsiku lina Malaŵi adzakhale ndi thumba la makampani ang'onoang'ono loyenera dzinalo. Munthu wofuna kugula masheya afunse kaye ngati womugulitsayo ali ndi chiphaso chochokera ku Banki Yaikulu ya Reserve, imene imayang'anira ntchito zimenezi, ndipo aikeko ndalama zokhazo zimene sadzazifuna kwa zaka zingapo.

Kugula masheya si uchitsiru, ndipo Mmalaŵi aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi gawo m'makampani a dziko lake. Uchitsiru ndi kugulitsa ukonde, munda wa chinangwa kapena ng'ombe chifukwa cha chiŵerengero cha masiku 30. Chuma cha dziko chimamangidwa ndi anthu ogwira ntchito molimbika ndi osunga modekha, ndipo msika wa masheya udzayenera kutamandidwa ku Sanga pokhapokha ndalama zake zikadzayamba kufika pa ntchito za anthu a kunyanja.